Ngongole ya munda wa chakudya cha pakhomo: poyambira

Mwafunsa mmene mayi wolima chakudya cha pakhomo angapezere ngongole ya mbewu ndi feteleza. Choyamba, lowani banki mkhonde, muzisunga pang'onopang'ono. Kumeneko safuna chikole, ndipo chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu nomwe pogawana. Kenako werengerani zomwe munda ukufunadi, musabwereke zopitirira.

Apa ndiye posamala, amayi: zokolola zodya pakhomo sizibweza ngongole. Musanasaine, dziwani komwe ndalama yobweza idzachokere, kaya ku ziweto kapena kabizinesi. Funsani chiwongoladzanja chonse, komanso ngati angakudikireni mpaka mutakolola, chifukwa kubweza sabata ndi sabata mbewu zikadali m'munda kumapweteka.

Ndalama ya gulu ikachepa, pitani limodzi ku SACCO (bungwe lomwe mamembala ake amasungirako ndi kubwerekako ndalama) kapena bungwe lobwereketsa lovomerezeka ndi boma. Kwa akatapila musapiteko.