Kukonza nthawi pa PostgreSQL osazimitsa seva

Seva ya PostgreSQL (pulogalamu yosunga deta m'matebulo) ya sitolo kapena ya kiliniki kuno ku Chipata ikakhala pa UTC (nthawi ya dziko lonse, yofanana ndi ya ku Greenwich), zonse zolembedwa pakati pa 00:00 ndi 02:00 zimagwera pa tsiku la dzulo, pakuti nthawi ya Zambia ili patsogolo ndi maola 2. Lipoti la tsiku limasokonekera pamenepo.

Tsegulani postgresql.conf, fayilo ya makonzedwe a PostgreSQL, mulembe timezone = 'Africa/Lusaka'. Chitaninso chimodzimodzi pa log_timezone, kuti nthawi ya mu log igwirizane ndi ya m'matebulo. Kenako mu psql, pulogalamu yolemberamo malamulo a PostgreSQL, lembani SELECT pg_reload_conf() kuti seva iwerengenso fayiloyo. Basi, kuzimitsa seva sikufunika. Kusintha nthawi ya kompyuta yokha ndi lamulo la Linux la timedatectl sikuthandiza, chifukwa PostgreSQL imatsatira zimene initdb, pulogalamu yokhazikitsa databesi yatsopano, inalemba mu postgresql.conf tsiku loiika.

Chonde musalembe 'UTC+2'. Pamenepa ndi pamene ambiri amagwa. PostgreSQL imawerenga mawuwa mwa lamulo la POSIX (muyezo wa makina a Unix), limene chizindikiro cha + chimatanthauza kumadzulo kwa Greenwich. Ndiye nthawi imabwerera m'mbuyo maola 2, n'kusiyana ndi yathu ndi maola 4 athunthu.

Yankho la t (kutanthauza true) lochokera ku pg_reload_conf() likungonena kuti uthenga watumizidwa ku seva, osati kuti zatheka. Mukalakwitsa kalembedwe ka dzina la dera, seva imasunga nthawi yakale n'kudandaula mu log mokha. Choncho lowaninso mwatsopano, mufunse SHOW timezone. Ndipo muone ngati muli kanthu mu danga la error la pg_file_settings, tebulo loonetsa zimene zili m'mafayilo a makonzedwe.

Ngati nthawi yakanabe kusintha, pali china chikuposa fayilo yanu mphamvu. Funsani SELECT setting, source, sourcefile FROM pg_settings WHERE name = 'TimeZone'; ikuuzani kumene ikuchokera. Kawirikawiri ndi postgresql.auto.conf, fayilo imene lamulo la ALTER SYSTEM limalembamo, kapena wina anaika nthawi ndi lamulo la ALTER DATABASE kapena ALTER ROLE kalekale. Mapulogalamu a Java olowera pa JDBC (chida cholumikizira Java ku databesi) amabweranso ndi nthawi yawoyawo, ndiye imeneyo muikonzere ku pulogalamuko.

Musanachite zonsezi, onani mtundu wa madanga anu a nthawi. A timestamptz amasungidwa mu UTC, amangosintha kaonekedwe, palibe choopsa. A timestamp wamba sasuntha: mizere yakale ikhalabe pa UTC, yatsopano yodzazidwa ndi now() (lamulo lopereka nthawi ya panopa) iyamba kulowa pa nthawi ya Lusaka, zonse m'tebulo limodzi. Lembani tsiku ndi ola limene mwasinthira, kuti mudzadziwe mizere yoyenera kuwonjezera maola 2.