Momwe mungakonzere foni kuti wachibale wosaona azimvera wailesi payekha

Wailesi yakale ija sinkafuna maso. Munthu ankangopotokola kabatani, phokoso likatha ndiye kuti wafika pa MBC Radio 1. Wailesi ya digito yabwera ndi galasi losalala lomwe chala sichimvapo kanthu. Dziko la Norway linazimitsa FM ya mawailesi a dziko lonse mu 2017 n'kusamukira pa wailesi ya digito yotchedwa DAB+. Kuno FM ikadalipo, koma Zodiak, Times ndi MBC akumvekanso pa intaneti, ndipo mphepo ikulowera komweko. Ndiye agogo kapena achimwene anu osaona asamadikire mdzukulu nthawi iliyonse akafuna nkhani.

1. Yatsani TalkBack. Pa foni ya Android, lowani mu Settings, kenako Accessibility, n'kuyatsa TalkBack. Foni iyamba kulankhula chilichonse chomwe chala chakhudza. Pa iPhone dzina lake ndi VoiceOver. Pa Android, yatsaninso njira yachidule yogwira mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi atatu, kuti mwiniwake azitha kuyatsa ndi kuzimitsa yekha.

2. Phunzirani kaye inuyo. Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. TalkBack ikayaka, foni imasintha khalidwe: kukhudza kamodzi imangowerenga, kugogoda kawiri msangamsanga ndiye imatsegula, ndipo kutsitsa tsamba kumafuna zala ziwiri. Tsekani maso muyesere mpaka muzolowere, kenako muwaphunzitse. Musawalande foni m'manja akalakwitsa. Gwirani chala chawo, mudutse nawo limodzi. Mawu a TalkBack ndi achingerezi, ndipo mayina achichewa imawatchula mopotoka, zoseketsa ndithu. Ngati ikuthamanga, chepetsani liwiro pa Text-to-speech.

3. Sesani pagalasi. Chotsani tizithunzi tonse tosafunika. Siyani masiteshoni awiri kapena atatu omwe iwo asankha, osati omwe mumakonda inu. Tsegulani tsamba la siteshoni mu Chrome, sankhani Add to Home screen, ndipo kachizindikiro kake mukaike pakona, poti kona chala chimaipeza msanga. Ngati foni ikungowerenga batani loyambitsira wailesi kuti "unlabelled" (lopanda dzina), opanga tsambalo sanaganizire osaona. Yesani lina.

4. Werengerani bandulo. Siteshoni youlutsa pa 64 kbps (muyeso wa data yodutsa pa sekondi) imadya pafupifupi 29 MB pa ola, ya 128 kbps imadya kawiri pamenepo. Munthu womvera kuyambira m'mawa mpaka uthenga wa maliro usiku, bandulo ya Airtel kapena TNM siichedwa kutha.

5. Musataye FM. Mafoni ambiri a Itel ndi Tecno ali ndi wailesi ya FM mkati, yosafuna data. Ena amafuna mahedifoni kuti chingwe chigwire ntchito ya eriyo. Sungani masiteshoni motsatana kuti aziwerenga ndi chala. Ngati foni ndi ya mabatani, donthezani kaguluu pa batani lotsegulira wailesi. Kakauma kamakhala kachotupa komveka bwino. Kunena zoona, kwa okalamba ambiri kumudzi njira imeneyi ikuposabe intaneti, maka magetsi akathima ndipo netiweki ikuvuta.

Zikakukanikani, funsani a Malawi Union of the Blind kapena aphunzitsi a ana osaona a m'dera lanu. Osaona omwe akugwiritsa kale ntchito TalkBack amaphunzitsa anzawo bwino kuposa ife openyafe.