Kutulutsa nokha buku la nkhani zopeka za sayansi kuno ku Mangochi

Anzanga, osadikira kampani yaikulu ya ku Blantyre, yambani ndi kagulu ka pa WhatsApp: wina mkonzi, wina wojambula chikuto, wina msungichuma, koma ameneyu asakhale wokonda kubwereka eti. Kenako itanitsani nkhani, nenani tsiku lomaliza, ndipo zikhale za konkuno. Maloboti a ku America tinawaona kale m'mafilimu, ife tikufuna nyanja ya Malombe mu 2090 chambo chitatheratu asodzi akusaka usipa ndi madroni, kapena sitima yoyenda pansi pa madzi kuchoka ku Monkey Bay, ena alembe m'Chiyao bola wokonza alipo.

Mkonzi asachite manyazi, nkhani yofooka ibwerere kwa mwiniwake. Sainiranani pepala ndi wolemba aliyense loti nkhaniyo ndi yake ndipo ndalama mugawana bwanji, za umwini kafunseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za alembi ndi aluso ena. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku lanu, mukatenge ku National Archives ku Zomba.

Kusindikiza n'kodula heavy ndiye yambani ndi PDF, anthu alipire pa Airtel Money kapena Mpamba, ndalama zimenezo ndi zomwe musindikizire makope ochepa okagulitsa m'masukulu ndi m'malo ogona alendo ku Cape Maclear.