Magetsi a tirela akuphethira mukaponda buleki

Achimwene, mwati tirela yanu yonyamulira thonje ku Ngabu, mukaponda buleki magetsi onse akumbuyo amangophethira pamodzi. Kawirikawiri vuto limakhala waya wa efi, womwe umabweza magetsi a nyali zonse kugalimoto.

Zimitsani galimoto, muzule pulagi ya mapini 7 yolumikiza magetsi a tirela kugalimoto. Fumbi la kuchigwa kuno ndi matope a dzinja zimalowa m'timabowo, mkuwa n'kuchita dzimbiri lobiriwira. Palani mapiniwo ndi sandipepa, mupukute. Kenako londolani waya wa efi uja, woyera, wa pini 3, mpaka pomwe anamangidwa kuchitsulo cha tirela. Masulani bawuti, palani penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mumangenso zolimba. Chitsulo chokokera musachidalire ngati efi, chimagwedezeka.

Zikakanikabe, onani mababu ndi fyuzi. Waya wofiira ndi wa buleki, wachikasu ndi indiketa yakumanzere, wobiriwira yakumanja. Fyuzi ikapsa ikani ina yofanana nayo mphamvu. Chonde musalumikize ndi kawaya, mudzawotcha galimoto.

Chingwe cha magetsi cha pakati pa galimoto ndi tirela chisakhwekhwereke pansi, komanso chisakungike, chingaduke m'makona a Thabwa. Musananyamuke, wina aime kumbuyo akuuzeni ngati buleki, maindiketa ndi nyali zausiku zikuyaka zonse.