Mukafuna njira ya mabasi okha, yambirani powolokera msewu

Wokwera basi aliyense ndi woyenda pansi. Amayenda kupita ku siteji, akatsika amayendanso, ndipo kaya m'mawa kaya madzulo amayenera kuwoloka msewu waukuluwo, poti basi yopita ndi yobwerera siziima mbali imodzi. Anthu akandionetsa chithunzi cha msewu wopakidwa penti yofiira yosonyeza njira ya mabasi okha n'kumati nawonso akufuna zoterezi, ndimawafunsa kaye kuti gogo wa ndodo adzawolokera pati. Pentiyo nanenso ndimaifuna kwambiri. Koma dongosolo limene lafulumizitsa basi n'kusiya wokwera wake akulimbana ndi magalimoto pakati pa msewu ine sindilivomereza.

Musanalembe kalata yopita ku khonsolo, kaimeni pa msewupo ndi kope nthawi imene anthu akuthamangira ku ntchito. Werengani anthu. Galimoto zambiri zimakhala ndi munthu mmodzi kapena awiri, pamene basi imodzi yanyamula anthu makumi angapo, koma zonsezi zaima pa mzere umodzi ngati n'zofanana. Chiwerengero chimenechi ndicho chidzakuthandizeni wina akadzadandaula kuti mwamulanda msewu. Kenako kwerani basiyo mutagwira wotchi, muone pamene nthawi ikutayika: pa maloboti, pa mzere wa magalimoto, kapena pakhomo pamene anthu akulipira mmodzimmodzi. Ngati vuto lili pakhomo, njira yapadera payokha siikuthandizani kwenikweni, muyenera kukonzanso kalipiridwe kuti anthu azilipira asanakwere.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'anani pamene udzu wa pakati pa msewu unaphwa ndi mapazi, pamene mpanda wachitsulo unapindidwa kuti anthu azidutsa. Pamenepo ndi pamene anthu amawolokera, ngakhale mapu a injiniya atanena zina. Pemphani kaundula wa ngozi kupolisi, komanso chezani ndi ogulitsa malonda a m'mbali mwa msewu, chifukwa iwo amaona ngakhale ngozi zimene sizinalembedwe.

Tsopano nkhani yoti njirayo ikhale kuti. Kuyiika m'mphepete mwa msewu n'kosavuta ndipo sikudya ndalama zambiri.  Vuto lake n'lakuti m'mphepete mwa msewu aliyense amapafuna: wotsitsa katundu, woima pang'ono kuti agule kanthu, wokhotera m'kamsewu ka m'mbali. Galimoto imodzi yoimikidwa pamenepo imakwanira kubweza basi yodzaza anthu kuti ikalowenso pa mzere. N'chifukwa chake mizinda imene inafunitsitsa kuti mabasi aziyenda mosadodometsedwa inaika njirayo pakati penipeni. Curitiba ya ku Brazil inatero mu 1974 pansi pa meya Jaime Lerner, Bogotá ya ku Colombia inatsegula njira zake za mabasi zotchedwa TransMilenio mu 2000, Seoul inasintha misewu yake mu 2004, ndipo Dar es Salaam inayamba mu 2016 pa msewu wa Morogoro, kuchoka ku Kimara mpaka ku Kivukoni. Ngati msewu wanu ndi wotakata ndipo mabasi ndi ambiri, ine ndingasankhe pakati. Chimene ndingakane kotheratu ndi njira imene basi imayenda molunjikana ndi magalimoto ena pa msewu wolowera mbali imodzi. Wowoloka amayang'ana kumene magalimoto akuchokera, basi n'kumutulukira kumbuyo.

Koma siteji ikakhala pakati, ndiye kuti wokwera aliyense, m'mawa ndi madzulo omwe, ayenera kuwoloka kuti akaifike. Apa ndi pamene muyenera kukhalitsa.

Pali ngozi ina imene njira ya mabasi imabweretsa, ndipo ambiri saiganizira. Taganizani magalimoto ataima tsonga pa mizere iwiri, palibe ikusuntha. Mayi wanyamula katundu, wagwira mwana pamkono, akudutsa pakati pa galimoto zoimazo, maso ali pa madalaivala amene amupatsa mpata. Akangopitirira lole yomaliza, phazi lake latera mu njira ya basi, imene ili pululu, ndipo basi ikubwera ndi liwiro lake lonse. Iye sanaione chifukwa cha loleyo, dalaivala naye sanamuone. Palibe amene walakwa pa awiriwa, wolakwa ndi mamangidwe a msewu. Mankhwala ake ndi kachilumba ka konkire pakati pa njira ya magalimoto ndi njira ya basi, pamene munthu angaime n'kuyang'ananso bwino. Kachilumbako kakhale ka mamita pafupifupi 2 m'lifupi kuti njinga ya olumala kapena munthu wokankha njinga akwanepo bwino, ndipo polowera pake pakhale pofanana ndi msewu, popanda chopunthwitsa.

Powolokera pakhale mbali zonse ziwiri za siteji. Mukaika kumodzi kokha, otsikira kumapeto enawo sadzazungulira, adzadumpha mpanda. Maloboti nawo awerengedwe potengera munthu woyenda pang'onopang'ono, pafupifupi mita imodzi pa sekondi, kutanthauza kuti msewu wa mamita 20 umafuna masekondi osachepera 20. Ndipo musawadikiritse anthu nthawi yaitali: amene akuiona basi yake ikufika sangapirire loboti yofiira mpaka kalekale.

Wina adzakuuzani kuti timange mlatho wa oyenda pansi. Pa msewu wa m'tauni wokhala ndi masitolo mbali zonse, ine ndimakana. Mlatho umatalikitsa ulendo, umalepheretsa okalamba ndi olumala, usiku amayi ambiri amauopa, ndipo madalaivala akauona amaganiza kuti pansipo palibenso munthu, n'kuwonjezera moto. Anthu amapitirizabe kuwolokera pansi, tsopano popanda chowateteza. Milatho isiyireni misewu ikuluikulu ya liwiro ya kunja kwa tauni.

Za liwiro, masamu ake ndi achidule. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, dalaivala asanaponde n'komwe buleki. Ya makilomita 30 imadutsa mamita 8 okha. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime buleki itapondedwa umawirikiza kanayi. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chilichonse, ndipo msonkhano wa maiko wa ku Stockholm mu 2020 unalimbikitsa liwiro la makilomita 30 pa ola paliponse pamene magalimoto akusakanikirana ndi oyenda pansi. Chikwangwani pachokha sichichepetsa liwiro. Chepetsani kukula kwa njira za magalimoto wamba kuti zikhale za mamita pafupifupi 3, kwezani malo owolokera, ndipo makona a pa mphambano akhale othina kuti wokhota azichepetsa yekha. Mabasi nawonso achepetse akamayandikira siteji. Kumbukirani kuti basi imapindula chifukwa chosaima pa mzere, osati chifukwa chothamanga.

Pa mphambano, galimoto yokhota modula njira ya basi ndiyo imachititsa ngozi zambiri za mabasi a pakati pa msewu. Letsani kukhota koteroko pamene n'kotheka, oyendetsa azikazungulira, ndipo pamene simungaletse kukhale ndi loboti yakeyake.

Nanga njirayo idzatetezedwa bwanji? Penti imalemekezedwa pokhapokha wapolisi ali pomwepo. Ikani tizipupa ta konkire kapena timizati, ndipo kumene malamulo alola, makamera ndi chindapusa. Koma musaiwale a masitolo. Dandaulo lawo loti katundu adzatsitsira kuti ndi loona, ndipo mukalinyalanyaza malole adzaima mu njira ya basi momwemo. Apatseni malo otsitsira m'misewu ya m'mbali kapena maola awoawo. Eni mabasi ang'onoang'ono amene akhala akudyera pa msewuwo muwaitane pachiyambi pomwe. Ku Johannesburg, mabasi oyenda m'njira yawoyawo otchedwa Rea Vaya atayamba mu 2009 panali mkangano woopsa ndi a mataxi, ndipo pamapeto pake ena mwa iwo anakhala eni masheya a kampani yoyendetsa mabasiwo.

Ngati akuluakulu akukayikira, pemphani kuyesa kaye ndi zinthu zochotseka. New York inatero pa 14th Street mu October 2019: inasiyira msewuwo mabasi ndi malole, magalimoto wamba n'kumangololedwa kulowa pang'ono potsitsa munthu kapena katundu, ndipo mu 2020 dongosololo linakhazikitsidwa. Chofunika n'chakuti mukhale ndi manambala a poyamba aja, nthawi ya ulendo, chiwerengero cha okwera, liwiro la magalimoto ndi ngozi, kuti pakatha miyezi ingapo mudzayerekeze. Ndipo pokayendera musapite masana okha. Mupite usiku mukaone ngati magetsi akuwalira pa munthu wowoloka, mupitenso mvula ikagwa mukaone ngati ngalande zikumwa madzi, chifukwa powolokera pakadikha madzi anthu amasamukira pena pamene simunawakonzere.