Momwe mungapangire tsamba lolandira maoda loti anthu asakuseweretseni nalo

Anthu ambiri kuno ku Mzuzu ayamba kufuna ka website koti kasitomala azilemba yekha oda, kaya ogulitsa khofi, kaya a malo ogona alendo, kaya mayi wophika makeke ku Katoto yemwe watopa ndikuyankha WhatsApp pakati pausiku. Ndikutenga ngati HTML ndi CSS mukuzidziwa kale ndiye pamenepo sinditayapo nthawi, VS Code ndi yaulere, tsegulani folder, mafayilo atatu, la HTML, la CSS ndi la JavaScript, tiyambepo.

Choyamba fomu. Dzina, nambala ya foni, chomwe akufuna ndi kabokosi ka uthenga. Pa nambala ikani type="tel" kuti pa foni patuluke manambala okhaokha, ndipo muzilola yoyamba ndi 0 komanso yoyamba ndi +265 chifukwa anthu amalemba momwe afunira, wina 099, wina 088, wina mpaka mipata pakati. Ikaninso required ndi maxlength. Koma musadzinamize kuti mwateteza chinthu apa, izi ndi zongothandiza kasitomala kuti asalakwitse basi. Munthu akadina F12 pa Chrome required yanuyo amaichotsa osatuluka ndi thukuta lomwe, ndiye server nayo iziunikanso chilichonse chomwe yalandira.

Tsopano apa khalani pansi kaye. Uthenga ukabwera mumafuna uoneke pa tsamba, mwina pomwe mwini bizinesi amaonera maoda, mwina pa ndemanga za makasitomala. Ma tutorial ambiri amakuonetsani innerHTML chifukwa mzere umodzi zatheka. Vuto ndi loti browser sisiyanitsa mawu a kasitomala ndi code yanu, chilichonse cholowa mu innerHTML imachiwerenga ngati HTML.

Tsamba la ndemanga lomwe ndinapangira malo ena ogona alendo ku nyanja linayenda bwinobwino mpaka mmawa wina eni ake anandiimbira, "Achimwene, bwanji ndikatsegula ndemanga zikunditengera ku za betting?" Ndinayamba ndikukayikira a hosting, ma password onse kusintha, mafayilo kufufuza limodzilimodzi, onse ali momwe ndinawasiyira. Chinthucho chinali mu database, pakati pa ndemanga ya wina woyamikira batala wootcha ndi ya wina wodandaula madzi ozizira kubafa. Wina wake analemba tag ya img yoloza ku chithunzi chomwe kulibe, kenako mu onerror anaikamo JavaScript yake, ndiye chithunzi chikalephera kutseguka code ija imanyamuka nkumutumiza mlendo kwina. Chomwe chinandizunguza mutu nchoti bokosilo ndinali nditaliyesa ndi tag ya script osachitika kanthu. Ndipo zilidi choncho, script yolowera pa innerHTML siyenda, koma onerror imayenda, ndiye mayeso a script yokha amakunamizani kuti muli bwino.

Dzina lake ndi XSS, kutanthauza kulowetsa code yachilendo pa tsamba la eni, ndipo si zalero, mu 2005 Samy Kamkar anachita zofananako pa tsamba la mchezo la MySpace, pasanathe tsiku maakaunti oposa 1 miliyoni anali atagwidwa. Ndipo kukutumizani ku betting ndi kukuchitirani chifundo, code yomweyo ikhoza kusintha nambala yolipirira yomwe ili pa tsamba, anthu nkumatumiza ndalama kwa wakuba.

Mankhwala ake ndi textContent. Pangani p ndi createElement, uthenga muupatse kudzera pa textContent, kenako append. Tag ija tsopano imangooneka ngati mawu opanda pake pa skirini. Ngati mukufunitsitsa kuti anthu azilemba mawu a bold kapena ma link, dutsitsani uthengawo mu DOMPurify, sefa yopangidwa kale yochotsa code yoopsa mu HTML, osadzilembera nokha kosefera ka replace, anyamatawa amadziwa njira zambiri kuposa inu. Ogwiritsa ntchito React popanga masamba musanyade, imakutetezani inde koma mukangogwira dangerouslySetInnerHTML mwabwerera pomwe paja. Link yochokera kwa munthu muziona kuti ikuyamba ndi https:// chifukwa href yoyamba ndi javascript: nayo imathamanga ikadinidwa. Mukamaliza yesani ndi img ija nokha, mabokosi onse, la dzina lomwe.

Chotsatira ma key. Ngati mukulumikiza malipiro a Airtel Money kapena Mpamba, secret key, yomwe ili ngati password ya akaunti yanu yolandirira ndalama, isapezeke mu JavaScript ya pa tsamba ngakhale pang'ono, aliyense amaiwerenga. Ena amati ndaibisa mu fayilo ya .env, koma ngati mukumanga tsamba ndi chida cha Vite chilichonse choyamba ndi VITE_ chimalowa mu mafayilo opita ku browser, ndiye simunabise kanthu. Key ikhale pa server, tsamba lizingopempha. Mtengo nawonso server iziwerengera yokha, musakhulupirire total yochokera mu browser. Token ya login, chizindikiro choti munthu walowa kale mu akaunti yake, ndibwino ikhale mu cookie ya HttpOnly kusiyana ndi localStorage, poti JavaScript yachilendo singaiwerenge.

Ndisanaiwale, pali anyamata amayenda ndi ma flash odzaza ma theme olipira, ati akupatsani pa mtengo wa chips ndi Fanta. Asiyeni. Ma theme obedwawo nthawi zambiri amabwera ndi code yowonjezera mkati, inu mukhala mukutseka mabokosi wakuba ali kale mu footer. Chimodzimodzi okulipiritsani SSL, satifiketi yomwe imapangitsa tsamba kukhala la https, ngati nchinthu chapadera, Let's Encrypt imapereka ulere ndipo Netlify ndi GitHub Pages amakuikirani okha. Musailumphe, kuyambira 2018 Chrome imalemba Not secure pa tsamba la HTTP, kasitomala akaona zimenezo amabwerera ku WhatsApp. Cholipira chenicheni ndi domain, .com imakhala cha mma $10 mpaka $15 pachaka, vuto ndikupeza khadi yoti ilole madola masiku ano.

Zotsalazi nzachangu. Ikani header ya Content-Security-Policy yoletsa inline script, imagwira onerror ngati penapake mwaphonya. Yendetsani npm audit nthawi ndi nthawi kuti muone ngati ma package omwe mukugwiritsa ntchito ali ndi mabowo achitetezo. Zithunzi zichepetseni zikhale WebP, bundle ya anthu si yanu. Sungani ntchito yanu mu Git (commit) pafupipafupi magetsi asanakudabwitseni, kenako yesani tsambalo pa ka itel ka mng'ono wanu pa data wamba, osati pa Wi-Fi ya kuntchito.