Dzira litakakamira m'mimba mwa thadzi langa

Mu June, kuno ku Johannesburg kukuzizira koopsa, thadzi langa linasiya kudya. Linkangoima mchira uli pansi, likukankha koma dzira osatuluka. Madzi a shuga ndi alovera sizinathandize.

Nditagwira pamimba pang'onopang'ono, ndinamva dzira. Ndinaviika thadzilo m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 20, n'kulipukuta, kenako kupaka Vaseline potulukira dzira. Chinathandiza kwambiri ndi kashiamu, chifukwa amapatsa minofu mphamvu yokankhira dzira. Ndinaphwanya piritsi limodzi (botolo ndinagula R60 ku famasi), kusungunula m'madzi n'kulimwetsa m'madontho. Chonde musafinye: dzira likasweka m'kati, nkhuku imatha kufa.

Thadzilo linagona m'katoni mumdima pafupi ndi hita. M'mawa ndinapeza dzira pa thaulo, lachikamba chofewa.